Wa khungwa, wa Kenya kapena wa mafelemu: mng'oma uti umene mungaukonze nokha ukathyoka?

Shopu yanga ili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kunja pang'ono kwa Chipata mukamalowera cha ku Msekera. Ndikati shopu musayembekeze zambiri. Pali benchi la bulugamu, sowo, puleni ya m'manja, tchizulo ziwiri, sikweya, hamala ndi chitini cha misomali yochita kuwongola. Magetsi kulibe. Pa benchi limeneli ndakhomerapo zitseko, mipando ya kutchalitchi, mabokosi a maliro angapo, ndipo zaka zapitazi ming'oma ya njuchi. Aliyense wodzaoda mng'oma amafika ndi funso limodzimodzi: "Amisiri, wabwino kwenikweni ndi uti?" Ine ndimamubwezera langa: ukathyoka adzakonze ndani, ndipo ndi chiyani?

Pakuti kuthyoka uthyoka ndithu. Mng'oma umagona panja chaka chonse. Dzuwa la Okutobala limauwamba mpaka matabwa kupindika, mvula ya Januwale imalowa m'ming'alu, chiswe chimauzonda kuchokera pansi, chiuli chimabwera usiku kudzayesa ngati misomali inagwira. Tsiku logula ming'oma yonse imaoneka bwino. Kusiyana kwake kumadzaoneka chaka chachitatu.

Wa khungwa

Ndiyambe ndi umene ndinakula ndikuuona. Amalume anga a ku Chadiza ankasankha mombo kapena mtondo wowongoka, wopanda mfundo, n'kutema khungwa mozungulira m'munsi ndi m'mwamba, utali wopitirira pang'ono mita imodzi. Kenako ankang'amba mzere umodzi kutsika nawo, n'kumalisenda pang'onopang'ono ndi kamtengo kosongola kuti lisasweke. Likachoka, khungwa limadzipinda lokha ngati ng'oma. Ankalilumikiza ndi zikhomo za mtengo, kutseka uku ndi uku ndi khungwa lina kapena udzu woluka, kulisiya pamthunzi kuti liume, kenako kulikweza ndi luzi pamphanda ya mtengo wautali. Zida zake nkhwangwa ndi mpeni basi. Ngwee sinkatuluka ngakhale imodzi.

Pali alangizi ena amene akamanena za mng'oma umenewu amakwinya nkhope ngati akunena za ufiti. Ine sindiunyoza. Njuchi zimaulowa msanga chifukwa uli m'mwamba, m'njira imene zimadutsa, ndiponso umafanana ndi mphako imene zinazolowera. Mbala ndi moto wa lupsa siziufikira wamba. Ndipo uchi wambiri umene Zambia amagulitsa kunja umachokera ku North-Western Province, ku Mwinilunga ndi ku Kabompo, kumene anthu mpaka lero amafula m'ming'oma ya makungwa yomweyi.

Koma kumeneko nkhalango ndi yosaona malire. Kuno kwathu kwerani phiri la Kanjala muyang'ane mbali zonse: minda, minda, minda. Mitengo ikuluikulu inapita ku makala ndi ku zigafa za fodya, ndipo mtengo uliwonse wosendedwa mozungulira umauma chiimire. Mng'oma umodzi, mtengo umodzi, ndipo pakatha zaka zochepa mng'omawo wafumbwa, mukufunanso mtengo wina. Ngakhale lamulo la nkhalango la 2015 sililola kudula kapena kusenda mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo. Za kukonza, palibe chokonza kwenikweni: khungwa likafumbwa latha.

Vuto lina lili pofula. M'kati simuona. Mumakwera usiku ndi muuni wa udzu, kufukiza, kupisa mkono mpaka m'phewa, n'kumadula chilichonse chimene dzanja lakhudza, uchi wokhwima, wosakhwima, ndi ana omwe. Amalume ankatsika nkhope itatupa akuseka, amvekere "zingalume, phula n'tenga." Uchi wosakanikirana chonchi suchedwa kusasa, umangothera ku mowa. Ndipo amayi ndi okalamba, amene sangakwere mtengo usiku, ulimi umenewu umawadutsa.

Abale ake a mng'oma wa khungwa ndi chipika chogoba cha mtengo wogwa wokha, mtsuko wogoneka chammbali, ndi dengu lalitali la nsungwi lomata dothi. Sizipha mtengo, ndipo pamenepo zapambana. Koma zisa zimamatirira ku makoma chimodzimodzi, choncho vuto la pofula likadalipo.

Wa Kenya

Alangizi amautcha Kenya Top Bar, ife timangoti wa Kenya. Anaukonza cha mu 1971 akatswiri a ku yunivesite ya Guelph ku Canada, Maurice Smith ndi Gordon Townsend, pogwira ntchito ndi anthu a ku Kenya. Maonekedwe ake ngati chomwera ng'ombe: bokosi lalitali, lotambalala m'mwamba, lopanikizika pansi. Pamwamba pamayalidwa timatabwa tating'ono togundana, ndipo njuchi zimamanga chisa chimodzi pansi pa kathabwa kalikonse. Mukafuna kuona, mumanyamula kathabwa kamodzi, chisa chili lende, mwaona, mwabwezera.

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi umene ndimakhoma kwambiri ndiponso umene unandiphunzitsa mowawa.

Mng'oma wonsewu uli ndi muyeso umodzi wokha umene sufuna nthabwala: m'lifupi mwa kathabwa. Mamilimita 32. Njuchi zathu zikamamanga zokha mumphako zimasiya mtunda umenewu kuchokera pakati pa chisa china kufika pakati pa chinzake. Njuchi za ku Ulaya n'zokulirapo, zawo ndi 35, ndipo mabuku ambiri analembedwera zimenezo. Mukalakwitsa ndi mamilimita atatu okha, kathabwa koyamba ndi kachiwiri sizioneka, koma pofika kachisanu njuchi zasiya kutsata matabwa anu, zikutsata muyeso wawo.

Ming'oma yanga isanu yoyamba ndinaikhoma nditangoona wa munthu wina pamsonkhano, osayeza, osafunsa. Timatabwa ndinangocheka mongoyerekeza, tina 36, tina 40, matabwa akenso aawisi. Njuchi zinalowa bwinobwino, ine n'kumayenda chifuwa patsogolo. Tsiku lofula, chakumadzulo, ndinalowetsa mpeni kuti ndinyamule kathabwa kamodzi, koma tinanyamuka tinayi pamodzi. Zisa zinali zitamangidwa chopingasa. Ndikukoka, chisa chinang'ambika pakati, uchi tsaa kutsikira pansi pa mng'oma, ana oyera mbee ali poyera, ndipo phokoso la njuchi linasintha nthawi yomweyo, lija lonyenyerera lokwiya. Ndinathawa kusiya ndowa, ndipo mbuzi ya aneba imene inali pachingwe chapafupi inalumidwa mpaka ndinakapepesa ndi nkhuku. Mayi a kunyumba, akundizula mbola m'khosi, anangoti, "Abambo, paja amati safunsa anadya chiyani?" Sindinayankhe.

Kuyambira pamenepo ndinasema choyezera: kachitsulo kafulati kamene ndinakadula mpata wa 32 ndendende. Kathabwa kalikonse kayenera kudutsa mumpatamo mothina, kumutu, pakati ndi kumchira, ndipo kayezedwe kataumiratu, chifukwa thabwa laliwisi limafota. Amene alibe tepi, chitsekerero chachitsulo cha botolo la Fanta chimayandikira kwambiri muyeso umenewu, ndipo chingakupulumutseni kumudzi. Komabe semani choyezera chanu, si ntchito ya ola lathunthu.

Timatabwa timeneti mungatipeze m'njira zitatu, ndipo zonse ndinaziyesa. Kucheka ndi sowo ya m'manja n'kupala ndi puleni kumatheka, koma timatabwa 28 ta mng'oma umodzi timadya tsiku lonse ndi phewa lomwe, ndipo dzanja likatopa mzere umayamba kukhota. Njira yachiwiri ndi kunyamula matabwa ouma panjinga kupita nawo kwa a makina m'tauni, cha ku Kapata uko. Iwo amacheka timatabwa ta ming'oma khumi inu musanamalize kumwa maheu, koma muime pomwepo ndi choyezera chanu, muyeze koyamba kasanachekedwe kachiwiri. Munthu wozolowera mafelemu a zitseko saona chifukwa cholimbanirana ndi milimita imodzi, adzakuuzani kuti "n'chimodzimodzi, bwana." Si chimodzimodzi. Njira yachitatu ndi timitengo towongoka ta kutchire kapena nsungwi zokhwima, zopala mbali ziwiri mpaka zikwane mumpata. N'zaulere, zimagwira ntchito, koma zimasiya timipata pamene njuchi zimatulukira kukulumani pofula, ndipo muyenera kuyala pulasitiki kapena chiguduli pamwamba. Kwa ine ya makina ndiyo yopambana, ndipo ngati pali pamene munthu ayenera kutulutsa ndalama pa mng'oma wonse, ndi apa.

Pansi pa kathabwa pamafunika mzere wotsogolera njuchi pakati penipeni. Ena amacheka kangalande kosaya ndi sowo n'kuthiramo phula losungunula. Ena amasema pansipo kukhala chosongoka ngati msana wa denga, n'kupakapo phula. Ena amamata ulusi woviika m'phula. Ulusi umakanganuka kukatentha. Kangalande n'kofulumira. Msana wosongoka umatenga nthawi kusema ndi puleni, koma ndi umene njuchi zimautsata mokhulupirika, ndipo sutha ngakhale mutapala phula lonse.

Tsono bokosilo. Apa pumulani, chifukwa njuchi sizisamala kukongola. Ine mitu iwiri, matabwa otseka bokosi uku ndi uku, ndimadula masentimita 44 m'mwamba, 20 pansi, kuya 25, utali wa m'kati 90, timatabwa totalika masentimita 48 kuti tipitirire pang'ono uku ndi uku pogwira. Makoma amapendekeka kuti njuchi zisamamatize kwambiri zisa m'mbali, poti chisa chachibadwa chimatsika mozungulira ngati lilime. Wina akhoza kusintha miyeso imeneyi pang'ono, palibe mlandu, koma akasankha asasinthenso. Dulani chikombole cha mutu pa katoni yolimba kapena pulayiwudi, chipachikeni pamsomali, ming'oma yanu yonse izibadwa kuchokera pa icho. Ubwino wake muuona tikafika pa zokonza.

Nanga matabwa ati? Malaina ndiwo ndimawakonda. Ndi opepuka, puleni imayenda ngati pa sopo, sang'ambika ndi msomali, ndipo akauma sapindika wamba. Chovuta chawo amachedwa kuuma, thabwa limaoneka louma kunja m'kati muli madzi, ndiye aimikeni pamthunzi miyezi ingapo, timitengo pakati. Paini wochokera ku Copperbelt amapezeka mosavuta m'mashopu a matabwa, ndi wofewa, koma chiswe chimamuyesa nsima, ndipo pansi pa mng'oma pamaola msanga. Ngati ndi amene muli naye, mupenteni kunja ndipo asakhudze dothi. Bulugamu ndi wolimba koma wamakani: amang'ambika pokhoma ngati simunayambe mwaboola, amapotoka akamauma, ndipo ndi wolemera. Ndimamugwiritsa pa mizati ndi miyendo, osati pa timatabwa. Mlombwa ulibe mnzake pa kulimba, ungakhale zaka ndi zaka, koma mtengo wake ndi wa chitseko cha nyumba ya bwana, ndiye ndimangotola zidutswa zotsala n'kupangira timatabwa. Mapaleti otayidwa m'magolosale aakulu amathandizanso, bola muyang'ane chidindo: olembedwa HT anangowatenthetsa, olembedwa MB anawafukiza mankhwala, amenewo ine ndimawasiya. Thabwa lililonse lonunkha dizilo, mankhwala a chiswe kapena a thonje lisayandikire njuchi.

Ndipo bokosi likhoza kukhala lopanda thabwa n'limodzi lomwe. Mitu iwiri ya matabwa, makoma a nsungwi zong'amba zokhomera kapena zoluka, kumata dothi la pachulu losakaniza ndi ndowe m'kati ndi kunja, kusalaza ngati mukuzira nkhokwe. M'kati mumakhala mozizira bwino nthawi yotentha. Umafuna denga lotambalala kuti mvula isakokolole dothi, ndiponso kumatanso chaka ndi chaka, koma ntchito imeneyo mayi aliyense wozira khonde amaidziwa. Ena amaumba wa simenti kapena wa njerwa pamalo amodzi. Moto, chiswe ndi mbala zimaulephera, koma mukalakwitsa malo mwalakwitsiratu, sunyamulika.

Denga ndi pamene ambiri amagwa. Lata lokha, logona pa timatabwa, m'mwezi wa Okutobala limasanduka chiwaya. Phula limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, koma limafewa kalekale lisanafike pamenepo, ndipo chisa chodzaza uchi chimangothothoka n'kugwera pansi. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa lata ndi timatabwa, ndipo pamwamba mangirirani udzu. Khomo likhale timabowo ta mamilimita 8 mpaka 10 kumutu umodzi, tisanu ndi kamodzi kapena tisanu n'titatu. Wopanda chobowolera atenthe bawuti pamoto. Khomo lalikulu limaitana abuluzi, mbewa ndi zikumbu.

Kupachika kapena kuika pa miyendo? Pa miyendo n'posavuta kugwirira ntchito, koma mwendo uliwonse uyenera kuima m'chitini cha oilo wakutha, ndipo tsiku limene tsamba lidzagwere m'chitinimo n'kupanga mlatho, linthumbu lidzalowa usiku umodzi, m'mawa mudzapeza mng'oma uli zii. Chiulinso chimangoukankha n'kuugwetsa. Wopachika ndi waya pakati pa mitengo iwiri, cha m'chiuno mwa munthu, umalendewera, chiuli chimasowa pogwira, ndipo nyerere njira yake ndi waya yekhayo amene mwamupaka girizi. Ine ndimapachika. Onetsetsani kuti wagona mowongoka mbali zonse, chifukwa njuchi zimamanga chisa choloza pansi, osati chotsata kupendekeka kwa bokosi lanu.

Zofooka zake ndisabise. Chisa chatsopano chimangogwira kumwamba kokha, mukachipendeketsa chathyoka. Mng'oma wodzaza simungaunyamule pangolo m'misewu yathu ya mabampu. Ndipo pofula mumadula chisa chonse n'kuchifinya, njuchi n'kuyambanso kumanga, pamene kuti zipange kilo imodzi ya phula zimadya makilo a uchi 6 mpaka 8. Komatu phulalo ndi ndalama: makandulo, polishi, mafuta odzola. Zimandiwawa ndikaona anthu akulitaya kudzala atafinya uchi. Ubwino waukulu ndi woti mumasankha. Mumatenga zisa zomatidwa zokha, zimene uchi wake wakhwima, n'kusiya za ana. Ogula enieni amafuna uchi umene madzi ake sapitirira 20 pa 100, wa m'ndowa zoyera zotseka. A bungwe la COMACO, amene anayamba mu 2003 ndipo amagula kwa alimi ozungulira chigwa cha Luangwa n'kumagulitsa pa dzina la It's Wild!, ndi chitsanzo chapafupi cha msika wotere. Uchi wa muuni, wonunkha utsi ndi wosakanikirana ndi ana, ku misika ngati imeneyi sufika patali.

Wa mafelemu

Uwu ndi wa Lorenzo Langstroth, m'busa wa ku Philadelphia ku America, amene mu 1851 anazindikira kanthu kakang'ono kamene kanasintha ulimi wonse wa njuchi: mpata wa mamilimita 6 mpaka 9 njuchi zimausiya ngati njira. Ukachepa zimautseka ndi utomoni wawo, ukakula zimamangamo chisa. Mu 1852 analembetsa mng'oma wake ku boma. Masiku ano umakhala wa mabokosi osanjikiza, m'kati muli mafelemu olendewera, felemu iliyonse itazunguliridwa ndi mpata umenewu.

Ndi mng'oma wanzeru, ndipo pa uchi wokha palibe wouposa. Chisa chili m'felemu yomanga ndi waya, ndiye mumangosenga zomatira, kuika m'makina opukusa, uchi kutuluka, chisa n'kubwerera kwa njuchi chili chathunthu. Sizitayanso nthawi kumanga.

Koma taonani ndi maso a mmisiri. Mu wa Kenya muyeso wovuta ndi umodzi. Mu uwu muyeso wovuta uli paliponse: pamwamba pa felemu, pansi pake, m'mbali, pakati pa bokosi ndi bokosi. Felemu imodzi ndi tizidutswa tinayi tolowana, timabowo ndi waya wokunga. Bokosi limodzi mafelemu khumi, mabokosi awiri tizidutswa 80, tonse tofanana ngati mapasa. Ndinayesapo ndi sowo ya m'manja, sabata inatha, ndipo zimene zinatuluka njuchi zinazimata pamodzi kukhala mtanda umodzi. Pamafunika makina ochekera ndi matabwa ouma bwino. Pamafunikanso mapepala a phula oika m'mafelemu, sefa yotchinga mfumukazi kuti isakwere kukaikira mazira m'bokosi la uchi, ndi makina opukusa aja. Zonsezi n'zogula, zambiri mpaka ku Lusaka. Ndipo mafelemu ochokera kunja kawirikawiri amakhala a muyeso wa njuchi za ku Ulaya.

Gulu lina la kwathu kuno linalandira ming'oma yotereyi khumi kuchokera ku bungwe lina, yopenta yoyera, yokongola, anthu mpaka kujambulitsa. Makina opukusira sanabwere nawo. Chaka choyamba anafula podula zisa m'mafelemu ndi mpeni, mawaya n'kuduka. Chaka chachiwiri chilimwe chitafika njuchi zina zinathawa, monga zimachitira njuchi zathu maluwa ndi madzi zikasowa, ndipo mbozi zodya phula zinalowa m'zisa zosiyidwazo n'kuluka ukonde mpaka kudya matabwa omwe. Anandibweretsera mafelemu m'thumba kuti ndikonze, ndinakonza amene ndinatha. Bokosi limodzi ndinaliona posachedwa pakhonde pa wina, nkhuku ikuikiramo. Chikomekome cha mkuyu.

Sindikuti ndi woipa. Ngati muli ndi makina ochekera kapena mnzanu wodalirika amene ali nawo, muli ndi ming'oma yambiri pafupi ndi minda ikuluikulu ya mpendadzuwa ngati ya ku Katete ndi Petauke kapena nkhalango ya bulugamu, gulu lanu lili ndi makina opukusira, ndipo mumayendera njuchi sabata ndi sabata osati kukumbukira nthawi yofula yokha, tengani wa mafelemu, mudzapindula. Ngati chimodzi mwa izi chikusowa, mudzagula mng'oma wodula n'kumaugwiritsa ngati wa khungwa.

Pokonza

Kuno timafula kawiri: cha mu Meyi ndi Juni mvula itatha, ndiponso kuyambira Okutobala mpaka Disembala mitengo ya kutchire itachita maluwa. Nthawi yanga yokonza ndi Julayi, kukuzizira, ntchito ya kumunda itachepa, kuti magulu a njuchi akamayamba kuyendayenda apeze nyumba zili zokonzeka.

Choyamba kuola ndi thabwa la pansi ndi m'makona mmene madzi amaima. N'chifukwa chake thabwa la pansi ndimalimanga ndi masikuluu, kapena ndi misomali yosamiza mitu, kuti lidzachoke popanda kuswa makoma. Ming'alu yaing'ono ndimatseka ndi utuchi wosakaniza guluu, kapena dothi la pachulu ndi ndowe. Yaikulu ndimakhomapo kachidutswa ka lata kunja. Mng'oma umene njuchi zinathawamo ndimaupala, n'kuuwaula m'kati ndi lawi la udzu mpaka thabwa lichite kofiirira, makamaka m'makona mobisala mazira a mbozi zija. Ukazizira ndimapaka phula, n'kutikitamo masamba a udzu wa mandimu uja timathira mu tiyi, fungo lake njuchi zimalikonda. Penti ndi wa kunja kokha. Oilo wakutha ndi wa pa mizati, asakhudze bokosi.

Nanga wothyoka njuchi zili momwemo? Apa ndi pamene chikombole chija chimabweza ngongole. Mumabwera ndi bokosi lopanda kanthu chakumadzulo, kufukiza pang'ono, kutsitsa lakale, kupachika latsopano pamalo omwewo khomo litaloza komwe linaloza, n'kusamutsa timatabwa kamodzikamodzi m'ndondomeko yake osasokoneza. Njuchi zotsalira mumazikutumulira m'katimo. Lothyokalo mwapita nalo ku benchi. Ngati ming'oma yanu ili ya miyeso yosiyanasiyana, zisa sizilowa, ndipo mudzakhomera misomali pa bokosi lodzaza njuchi. Ndinayesapo kamodzi, sindikufunirani.

Za zida zina ndingodutsamo. Chofukizira chogula n'chabwino, koma amisiri a zidebe ndi mbaula amachipanga ndi chitini ndi kafanulo, inu n'kuwonjeza mvukuto ya timatabwa tiwiri, chubu chakale cha galimoto ndi sipuling'i ya pa chishalo cha njinga. Chubu chikang'ambika mumadula china. Mumasonkhamo zitsononkho kapena ndowe zouma, utsi wake wozizira, wosiyana kutali ndi muuni umene umawaula mapiko ndi kuyatsa tchire. Chovala cha matumba a ufa ochapa bwino chimateteza, kungoti chimatentha. Kumaso sokererani kaukonde kakuda pa chipewa cha mlaza, koyera kamathobwa m'maso. Musadule neti ya udzudzu ya kuchipatala: ili ndi mankhwala opha tizilombo, ndiponso ana akuifuna. Chokanganulira timatabwa ndi mpeni wakale wolimba, chosesera njuchi ndi nthenga ya nkhukundembo.

Sabata yatha kunabwera mayi wina wa ku Kasenengwa, wamasiye, atamanga ndalama pa nsonga ya chitenje. Anati akufuna ming'oma isanu, koma titawerenga zinangokwana umodzi ndi theka.

"Amayi, nsungwi kwanu ziliko?"

"Zadzaza kudimba, bambo."

"Nanga nkhokwe amakuzirirani ndani?"

Anaseka. "Ndani winanso?"

Ndiye sindinamugulitse mng'oma. Ndinamudulira mitu khumi ya malaina pa chikombole changa, ndi timatabwa 140 tochekedwa pa makina, kalikonse katadutsa m'choyezera, msana wosema, phula lopakapaka. Ndinamuonetsa pa umodzi mmene angakhomere nsungwi kuchokera kumutu kufika kumutu, ndi pamene asiye osamata kuti timatabwa tigone mosalala. Tinamanga zonse m'mitolo iwiri ndi malegeni, mwana wake wamwamuna n'kukweza pa kaliyala. Atafika pamsewu anabwereranso kudzafunsa ngati ndowe za mbuzi zingalowe m'malo mwa za ng'ombe. Ndinamuuza kuti akapemphe za ng'ombe kwa aneba, za mbuzi sizigwirana ndi dothi.